Mlandu wa Maswiti a ku Bradford, 1858

Madzulo a Loŵeruka, pa 30 Okutobala 1858, William Hardaker anagulitsa maswiti pamsika wa mumzinda wa Bradford ku Mangalande, monga mwa chizoloŵezi chake. Pasanathe masiku ambiri anthu pafupifupi 200 anali chigonere, ndipo okwana ngati 20 anamwalira, ena mwa iwo ana aang'ono. Hardaker mwiniwake, amene analaŵako malonda akewo, anadwala kwambiri.

Maswitiwo anachokera kwa Joseph Neal. Pa nthaŵiyo shuga anali wokwera mtengo, kotero opanga maswiti ambiri ankasakanizamo ufa wa mwala woyera, umene ankautcha "daft", kuti katundu alemere, phindu lichuluke. Neal anatuma munthu ku Shipley kukagula ufawo kwa wogulitsa mankhwala, Charles Hodgson. Tsikulo Hodgson anali kudwala, ndipo mnyamata wake wantchito, William Goddard, anatapa mumgolo wolakwika. Anapima mapaundi 12 a arsenic, chiphe choyera chofanana ndithu ndi ufa uja. Maswiti atapangidwa anaoneka achilendo, koma m'malo mowataya, Neal anangotsitsako mtengo.

Goddard, Hodgson ndi Neal anaimbidwa mlandu wopha anthu mosafuna. Mlandu wa Goddard ndi wa Neal unathetsedwa, ndipo mwezi wa Disembala bwalo lalikulu la ku York linamasula Hodgson. Palibe ndi mmodzi yemwe amene analandira chilango.

Chomvetsa chisoni pa mlanduwu n'chakuti bwalo linafufuza kusokonekera kwa migolo, koma silinathe kukhudza gwero la maliro onsewo. Neal akanalandira ufa umene anaufuna, akanadyetsa ana mwala m'dzina la shuga, ndipo panalibe lamulo lomveka lomugwira nalo.

Maliro a ku Bradford anali chimodzi mwa zimene zinadzutsa Nyumba ya Malamulo. Mu 1860 inakhazikitsa lamulo loletsa kusakaniza zinthu zachinyengo m'zakudya ndi m'zakumwa. Linali lofooka, pakuti makhonsolo ankachita kusankha okha kulemba kapena kusalemba ntchito akatswiri opima zakudya, ndipo ambiri sanalabadire. Lamulo la 1868 linaika malire pa kagulitsidwe ka ziphe, ndi kulamula kuti zizilembedwa dzina poonekera. Lamulo lokhala ndi mphamvu zenizeni linadza mu 1875: kugulitsa munthu chakudya chosiyana ndi chimene iye wapempha kunakhala mlandu, ngakhale wodyayo asadwale.