Chiyambi cha Unix ndi Mwambo wa Osamala Maseva

M'chaka cha 1969, ku Bell Labs m'chigawo cha New Jersey, a Ken Thompson, atapeza kompyuta ya PDP-7 imene anthu sanali kuilabadira, anayamba kuumba Unix, dongosolo loyendetsa kompyuta, pamodzi ndi a Dennis Ritchie. Ndipo atailembanso m'chinenero cha makompyuta cha C mu 1973, inatha kusamukira m'makina amitundumitundu, kufikira Linux ya a Linus Torvalds inadzatsata mapazi ake mu 1991.

Chiyambire masiku amenewo, osamala maseva asunga mwambo wolemekezeka: asanachotse dongosolo lakale ndi kuika latsopano, amayamba akopera zonse pa tepi kapena posungira pena, nagwira ntchitoyo usiku anthu ali m'tulo, osafulumiza dzanja pa batani lililonse, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.