Tisanagule makina a tepi, timve kaye mbiri yake

Amene munalipo pa msonkhano wa Loweruka lapitali mukukumbukira mkangano uja. Ndalama zimene takhala tikusonkha zogulira zida za situdiyo yathu yaing'ono zafikako penapake, ndiye ena akuti tigule makina ojambulira mawu pa tepi, ena akuti zimenezo n'zachikale, laputopu ilipo kale. Ofuna tepiwo nawonso sakugwirizana. Aliyense ali ndi chithunzi chake m'foni, wina chimakina cha magudumu awiri, wina kabokosi kolowa kaseti. Ndalamazi n'zathukuta, ena mwa inu munazipeza pogulitsa mandasi ndi kutsuka magalimoto. Tikagula chinthu cholakwika sitisonkhanso msanga. Choncho ndati ndikufotokozereni kumene makinawa anachokera, chifukwa mbiri yake ikuyankha funso lathu bwino kuposa zithunzi zija.

Nkhaniyi imayambira ku Germany. Mu 1928 Fritz Pfleumer, amene ankakhala ku Dresden, analembetsa luso lomata fumbi la chitsulo pa kapepala kakatali kopyapyala. Fumbilo limagwira maginito. Mawu akalowa m'maikolofoni amasanduka magetsi, magetsiwo amafika pa kachitsulo kotchedwa hedi, ndipo hediyo imasiya chizindikiro cha maginito pa tepi imene ikudutsa. Mukaidutsitsanso tepiyo pa hedi, mawu aja amabwerera. Makina onse a tepi, aakulu ndi aang'ono, amagwira ntchito chomwechi mpaka lero. Kampani ya AEG inatenga lusoli n'kupanga makina otchedwa Magnetophon, amene inawaonetsa ku Berlin mu 1935. Poyamba mawu ake ankamveka osasa. Zinasintha mu 1940, pamene Walter Weber, katswiri wa pa wailesi ya boma la Germany, anapeza kuti ukasakaniza mawu ojambulidwawo ndi kamvekedwe kena kokwera kwambiri, koti khutu silingamve, tepi imajambula moyera. Kamvekedweko amakatcha bias. Lisungeni dzinali, tikumana nalonso pogula.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ikutha mu 1945, msilikali wa ku America, Jack Mullin, anawapeza makinawa pa wailesi ina ku Bad Nauheim, pafupi ndi Frankfurt. Anaphwasula awiri n'kuwatumiza kwawo zidutswazidutswa, pamodzi ndi matepi 50. Woimba wotchuka Bing Crosby atawamva anakondwera, chifukwa anali atatopa ndi kuimba pulogalamu yake ya pa wailesi pompopompo. Pa tepi akanatha kujambula nthawi imene akufuna, n'kudula ndi lezala pamene walakwitsa, n'kumatanso. Anaika madola 50,000 m'kakampani kakang'ono ka ku California kotchedwa Ampex, ndipo mu 1948 Ampex inatulutsa makina ake oyamba, Model 200.

Crosby yemweyo anapatsa mnzake, woimba gitala Les Paul, makina a Ampex. Les Paul anawonjezerapo hedi ina kuti azitha kuimba pamwamba pa zimene waimba kale. Vuto lake linali loti akalakwitsa ulendo wachisanu, zonse zam'mbuyo zapita, ayambirenso. Apa ndi pamene panabadwira nzeru yogawa tepi m'mizere, monga timachitira m'munda, mzere uliwonse n'kumasunga chida chake: uwu ng'oma, uwu besi, uwu mawu. Mizereyi ndi imene timaitcha matiraki. Mu 1957 Ampex inamupangira Les Paul makina a matiraki 8, pa mtengo wa madola 10,000. Munthu wamba sakanalota n'komwe kukhala nawo pakhomo.

Tsopano mvetserani bwino, chifukwa ambiri pa msonkhano paja mumawerenga matiraki ngati ndiwo nyimbo. Chimbale cha The Beatles cha mu 1967, Sgt. Pepper's Lonely Hearts Club Band, chinajambulidwa ku Abbey Road, ku London, pa makina a Studer J37 a matiraki 4 okha. Matiraki akadzaza, ankawasakaniza n'kuwathira pa tiraki imodzi kapena awiri a makina ena, malo n'kupezekanso. Zikasakanizidwa choncho sizisiyanitsikanso, ndiye ankayenera kugwirizana lero lomwe kuti ng'oma zimveke motani. Za "tidzakonza mawa" kunalibe.

Kwa ife okonda reggae, chitsanzo chapafupi ndi Lee "Scratch" Perry. Cha m'ma 1973 anamanga situdiyo yake, Black Ark, kuseri kwa nyumba yake ku Washington Gardens mumzinda wa Kingston, ku Jamaica. Ankajambulira pa TEAC 3340, makina a matiraki 4 amene kampaniyo inapangira anthu a pakhomo, osati masitudiyo akuluakulu. Mmenemo ndi mmene munatuluka War Ina Babylon ya Max Romeo mu 1976 ndi Heart of the Congos mu 1977. Masitudiyo ena a mu Kingston momwemo anali ndi zida zodula kuposa zake, koma zimbale zimenezi anthu akuzifunabe mpaka pano.

Nanga kaseti? Inapangidwa ndi kampani ya Philips, motsogozedwa ndi Lou Ottens, ndipo inaonetsedwa ku Berlin mu 1963. Tepi yake ndi yopapatiza, mamilimita 3.81 basi, ndipo imayenda masentimita 4.76 pa sekondi. Poyamba inkaoneka ngati yongojambulira zoyankhula. Koma mu 1979 TEAC inatulutsa Portastudio 144, kabokosi kokhala ndi mikisa yake, kojambula matiraki 4 pa kaseti wamba. Patangopita zaka zochepa, mu Januwale 1982, Bruce Springsteen anakhala m'chipinda cha nyumba ina ku Colts Neck, ku New Jersey, ndi gitala, maikolofoni awiri ndi kabokosi komweka. Cholinga chake chinali kungosunga nyimbo zoti akaphunzitse bandi yake. Atakazijambulanso m'situdiyo yaikulu, zambiri sizinamveke ngati mmene zinamvekera m'chipinda muja. Mapeto ake chimbale cha Nebraska chinatuluka chaka chomwecho kuchokera pa kaseti ija, imene iye ankangoyenda nayo m'thumba.

Kwathu kuno tepi si mlendo. M'zaka za m'ma 1950 Hugh Tracey anayenda m'midzi ya Nyasaland kujambula nyimbo za makolo athu, ndipo zimene anajambulazo zikusungidwa ku International Library of African Music, ku Rhodes University ku South Africa. Wailesi ya MBC itayamba mu 1964, oimba ambiri ankajambulitsa nyimbo zawo m'masitudiyo ake ku Blantyre, pa matepi a magudumu. Ndipo m'zaka za m'ma 1990, nyimbo za ku Balaka zinafika m'misika, m'mabasi ndi m'mabawo a dziko lonse pa makaseti. Funsani achimwene kapena mayi kunyumba, akuuzani mmene ankabwezera kaseti ndi bolopeni pofuna kusunga mabatire.

Nyengo ya tepi ya maginito wamba inayamba kutha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene kampani ya Alesis inabweretsa ADAT, makina a matiraki 8 ojambula mwa dijito pa kaseti ya vidiyo. Kenako kompyuta inamaliza ntchito. Kwa ife tanthauzo lake ndi ili: makina alionse a tepi amene thumba lathu lingakwanitse ndi akaunjika, ambiri a zaka zoposa 30. Tikugula nkhalamba. Nkhalamba imafuna chakudya chake ndi dokotala wake, ndiye mafunso oyamba akhale amenewo.

Chakudya chake ndi tepi. Makampani opanga tepi yatsopano ya magudumu atsala ochepa, monga Recording The Masters ku France ndi ATR Magnetics ku America, ndipo chilichonse tingachite kuitanitsa kunja ndi ndalama zakunja. Gudumu lalikulu limakhala ndi tepi yotalika mamita 762. Pa liwiro la masitudiyo, masentimita 38 pa sekondi, limatha m'mphindi 33. Kuyesa nyimbo imodzi kasanu, gudumu lapita. Tepi ikakhala yotakata, mzere uliwonse umapeza malo ambiri ndipo kaphokoso ka "sss" kamachepa, koma mtengo nawo umakwera. Ndiye inu amene mwasunga chithunzi cha chimakina cha matiraki 24, dziwani kuti chimadya tepi ya mainchesi awiri, chimafuna mikisa yakeyake yaikulu, ndipo kuchinyamula kokha kumafuna anyamata angapo. Makina a matiraki 8 monga Fostex A-8 ya mu 1981 amadya tepi yopapatiza ya mamilimita 6.35, yotsikirako mtengo, komabe yoitanitsa. Kaseti ndiyo yosavuta, ngakhale nayo ili ndi masamu ake: Portastudio imagwiritsa ntchito mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo pa liwiro lowirikiza kaseti yolembedwa 60 imakupatsani mphindi 15 zokha. Ambiri mwa makinawa anawachunira makaseti a Type II, amene bias yake ndi yokwera. Mukaikamo kaseti wamba ijambula ndithu, koma mawu sakhala mmene ayenera kukhalira.

Wina anena kuti matepi akale alipo otchipa. Chenjerani. Matepi ena a magudumu a m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, monga Ampex 456, amayamwa chinyezi, zomatira zake n'kufewa. Ukawaliza amalira tswii, n'kusiya phala lakuda pa hedi. Akatswiri amawatenthetsa pang'onopang'ono pa madigiri pafupifupi 50 kwa maola angapo kuti angokopera zimene zili pamenepo, osati kujambulirapo zatsopano. Ndi chinyezi cha dzinja lathuli, tepi yotere ndi kutaya ndalama.

Tikapeza makina, tisatengeke ndi kuwala kwa kunja. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Yang'anani hedi ndi tochi. Tepi imaikhula zaka ndi zaka, ndipo ikaperepeseka pamaoneka kamsewu kokumbika. Hedi yotere imataya mawu osongoka, monga a chisekese ndi maseche, ndipo ina yolowa m'malo mwake ndi yosowa. Gwirani kagudumu ka labala kamene kamapanikiza tepi. Kakauma gwa, kapena kakamamata ngati chingamu, tepi siyenda mofanana. Malamba a m'kati nawonso amatha, ena amasungunuka n'kusanduka phula. Malamba ndi kagudumu zimasinthika, koma mtengo wake tiuchotse pa mtengo wa makina.

Kenako musachite manyazi, jambulani pomwepo wogulitsa akuona. Tiraki iliyonse payokha, kujambula, kumvetsera, kufufuta. Gwirani noti imodzi yaitali pa kiyibodi, muimvetsere ikabwerera. Ikamanjenjemera ngati munthu wamva chisanu, liwiro silili bwino. Wogulitsa akati "ankagwira bwinobwino, angosowa chingwe", muwerengere kuti sagwira.

Onaninso kachikwangwani ka magetsi kumbuyo. Magetsi athu ndi mavoti 230 pa 50 Hz. Makina opangira ku America ndi a mavoti 120, a ku Japan ndi a 100. Mukawalumikiza molunjika popanda thiransifoma, mumva fungo basi. Makina ena akale mota yake imatsata kugunda kwa magetsi, ndiye opangira 60 Hz akafika kuno amayenda mochedwa ndi gawo limodzi mwa magawo 6, ndipo tepi yojambulidwa kwina imamveka yokoka. Za dokotala, tisanapereke ndalama tikacheze kaye ndi amisiri okonza mawailesi, makamaka achikulire amene anagwirapo mawailesi a kaseti. Portastudio ambiri angailimbe mtima. Chimakina cha magudumu chimafuna tepi yapadera yochunira ndi munthu wodziwa kuika bias, ndipo ameneyo sapezeka pa msika uliwonse.

Kwa a gulu la laputopu, mfundo yanu ndi yoona: kompyuta imajambula moyera kuposa kaseti, ndipo siitha mphindi 15. Tepi ili ndi zake ziwiri. Choyamba, ukaikankha mwamphamvu imafinya mawu pang'onopang'ono m'malo mowaswa, n'chifukwa chake ng'oma ndi besi zimamveka zonenepa. Chachiwiri, imakakamiza bandi kukonzekera. Matiraki akakhala 4, wa besi ndi wa ng'oma ayenera kumvana asanalowe m'chipinda. Kunena zoona, ife vuto lathu lalikulu ndi limenelo. Tili ndi nyimbo zingati m'laputopu muja zimene tinayamba chaka chatha, matiraki mbwee, osatha ngakhale imodzi?

Maganizo anga ndi awa. Tikagwirizana za tepi, tifune Portastudio ya matiraki 4, monga Tascam 414 kapena 424 za m'zaka za m'ma 1990, imene taiyesa ndi makutu athu. Tisathere ndalama zonse pamenepo. Ina itsale ya malamba, makaseti, thonje ndi sipiriti wopukutira hedi, komanso maikolofoni imodzi yabwino. Nyimbo iliyonse ikatha tiziikopera mu laputopu tsiku lomwelo, chifukwa makina a zaka zimenezi akhoza kutafuna kaseti nthawi ina iliyonse. Tikapanda kupeza yabwino, ndalama zikhale m'buku, tidikire. Ndipo amene mukufunabe chimakina chachikulu chija, mubwere Loweruka ndi mayankho atatu: tepi tidzaigula kuti ndipo pa mtengo wanji, akachikonza ndani chikafa, ndipo ndi nyimbo iti imene tili nayo yoti singakwane pa matiraki 4. Amene muli ndi makaseti akale kunyumba mubwere nawo, tiyambe kuzolowetsa makutu.