Likoma, Chilumba Chimene Chinkakolola Anthu

Adzukulu anga, inu madzi amene mukuwadziwa ndi a m'dambo, a mu Lutembwe, ndi a Luangwa amene mumawaona pa mlatho popita ku Lusaka. Koma kum'mawa uko, kupyola Mchinji, kuli nyanja ya Malawi, ndipo m'kati mwake muli chilumba chotchedwa Likoma, pamodzi ndi mng'ono wake Chizumulu. Ife a kuno tinayamba taona anthu ake, mbiri ya malowo n'kubwera pambuyo. Atate anga ankati masiku a Fort Jameson, ukalowa mu ofesi n'kupeza kalaliki wakuda wolemba bwino, wolankhula Chinyanja chachilendo pang'ono, kawirikawiri anali Mtonga wa ku Bandawe kapena wa ku Likoma.

Chilumbacho n'chaching'ono, masikweya kilomita ngati 18 basi. Munthu wamphamvu akanyamuka m'mawa kunsonga ya kumpoto, amafika kum'mwera dzuwa lisanafike pamutu. Ndi miyala, mchenga, milambe ikuluikulu ndi mitengo ya mango. Chodabwitsa n'choti madzi ochizungulira ndi a Mozambique, mudzi wa Cobue ukuonekera kutsidya, koma chilumbacho ndi cha Malawi.

Anthu oyamba kuchulukana pamenepo anali Anyanja othawa nkhondo ndi ukapolo. Ankathawa ogula anthu, ankathawanso Magwangwara, Angoni a ku Songea. Inde, abale athu omwe, musaseke. Mngoni pamtunda anali woopsa, koma ukamuonetsa bwato, nthungo ndi chishango zimathera pagombe. Azungu a mishoni ya UMCA, amene lero timati Angilikani, anaona zomwezo. M'chaka cha 1885 anamanga likulu lawo pachilumbapo, n'kumayendera midzi ya m'mbali mwa nyanja pa sitima ya pamadzi yotchedwa Charles Janson. William Percival Johnson ndiye ankakhalira kuzungulira nayo, ngakhale maso ake anali atafooka ndi matenda. Ndiye pamene Angerezi ndi Apwitikizi ankagawana dziko mu 1891, gombe la kum'mawa linapita kwa Apwitikizi, koma zilumba ziwirizo zinatsalira Angerezi chifukwa cha mishoniyo. Malire okhota aja anachokera pamenepo.

Nyanja ija sinyengerera munthu. Chauncy Maples, amene anakhala zaka zambiri pa Likoma, anadzozedwa ubishopu mu 1895, ndipo chaka chomwecho anamira pobwerera ku ntchito yake, ngalawa itagubuduzika ndi mphepo. Sitima yatsopano imene inayamba kuyenda mu 1901 anaitcha dzina lake.

Tsono mvetserani za tchalitchi. Panali malo otchedwa Chipyela, pamene kale ankaotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Pomwepo ndi pamene amishoni anasankha kumangapo tchalitchi. Ntchito inayamba mu 1903, chaka chomwe amishoni a Dachi anatsegula mishoni yathu ino ya Madzimoyo, ya Magwero itatha kale zaka zinayi. Wojambula mapulani anali Frank George, koma oswa miyala, oumba njerwa ndi osenza anali amuna ndi amayi a pachilumbapo ndi a kutsidya. Anayamba kupempheramo mu 1905, ndipo anaipatula mu 1911, n'kuitcha St Peter's. Kutalika kwake ndi mamita pafupifupi 100. Tchalitchi yotere pa kachilumba kosakwana n'kudzidyetsa komwe! Ine ndimati azunguwo anali ndi kunyada kwawo, koma amisiri amene anaphunzirira pamenepo, omanga ndi akalipentala, luso analitenga n'kupita nalo kutali.

Za kudya ndiye zinali zovuta. Nthaka ya kumeneko chimanga sichikondwa nayo. Amalima chinangwa, n'kuchiviika, kuchiyanika, kusinja, nsima yake n'kumati kondowole. Inu ozolowera ya mgaiwa mungaisiye pambale. Ndiwo ndi za m'nyanja, usipa ndi utaka, zimene amakoka ndi makoka n'kuyanika padzuwa kuti zikagulitsidwe kumtunda. Nkhuni, nsungwi, udzu wofolerera, ngakhale chimanga chomwe, zambiri zinkachokera ku Mozambique pa mabwato ndi ngalawa za matanga.

Ndiye mwana wa pa Likoma akanalowa chiyani kwa atate ake? Munda ndi kachigunda, ng'ombe palibe zoti n'kuwerenga. Cholowa chake chinali sukulu. Anyamata ndi atsikana omwe ankaphunzira, pamene m'madera ambiri mwana wamkazi sankayandikira n'komwe pakhomo la kalasi. Panali chipatala, panali makina osindikizira mabuku, ndipo ochita bwino ankawatumiza ku Kiungani, ku Zanzibar. Akatha maphunziro, ntchito pachilumba inalibe, basi ulendo: ku Zomba, ku Salisbury, ku Joni, ku Migodi kwathu kuno. Ndalama zimene ankatumiza kwawo ndizo zinkagula nsalu, mchere ndi malata. Ife tinkakolola fodya ndi mtedza, iwo ankakolola aphunzitsi ndi makalaliki.

Mmodzi mwa anthu amene anadutsa m'manja mwa mishoni imeneyo manda ake ali m'dziko lathu lino. Leonard Kamungu, wobadwira ku Chia pafupi ndi Nkhotakota, anadzozedwa unsembe mu 1909. Bishopu John Hine, amene anakhalapo bishopu wa Likoma asanabwere ku Northern Rhodesia mu 1910, anamuitana kudzagwira ntchito pakati pa Akunda. Anafika ku Msoro mu 1911, natsegula masukulu m'midzi ya kuchigwa, ndipo anamwalira komweko mu 1913. Zaka ziwiri zokha, koma mukapita ku Msoro lero dzina lake silinazime. Pakati pa a Dachi ndi Angilikani panali kukokerana midzi masiku amenewo, koma nkhani imeneyo ndi ya tsiku lina.

Masiku ano Likoma ndi boma palokha, laling'ono kuposa maboma onse a ku Malawi, pamene kale linali pansi pa Nkhata Bay. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 14,527 pa zilumba ziwirizo. Kuli kabwalo ka ndege, ndipo alendo amabwera kudzaona tchalitchi ndi kusambira. Koma mwini mudzi akudalirabe Ilala, sitima imene yakhala ikuyenda panyanjapo kuyambira 1951. Kale inkaima patali ndi gombe, mabwato n'kumaithamangira, kutsitsa matumba a ufa, shuga ndi simenti, kukweza matumba a usipa ndi ana opita ku sukulu za kumtunda. Sabata imene yachedwa, sopo m'magolosale amakwera mtengo.