Kutsazikana kwa Pachibale: Mbiri ya Aulendo a ku Halale ndi ku Joni

Aliyense amene adakhalapo ku Chemusa amaudziwa msewu waukulu wochokera m'tauni ya Blantyre, wodzera ku Mbayani, Chemusa ndi Chirimba, umene ukafika pa Kameza umagawikana, wina kulowera ku Lunzu, wina ku bwalo la ndege la Chileka. Kwa achinyamata a lero uwu ndi msewu wa maminibasi, akabaza ndi amayi ogulitsa makala. Kwa ife a imvi ndi msewu wa kutsazikana, pakuti abale ambiri tidawaona komaliza akudutsa pamenepa.

Chandikumbutsa zimenezi ndi mtsikana wina woyandikana nafe nyumba, amene masiku apitawa adandiuza ndi nkhope yakugwa kuti: "Agogo, achimwene akunyamuka Loweruka kupita ku Cape Town, koma mpaka lero sitinakhale pansi n'kucheza. Iwo ali kalikiliki ndi mapepala a ulendo, ine ndimakhala ku geni mpaka madzulo." Ndidamuyankha mwachidule kuti atseke geniyo tsiku limodzi. Lero ndafuna kuti ndifotokoze bwino chifukwa chimene ndidamuyankhira motero, ndipo chifukwacho chili m'mbiri ya dziko lathu.

Amalawi adayamba kalekale kupita kunja kukafuna ntchito. M'chaka cha 1886 kudapezeka golide ku Witwatersrand, kumene kuli mzinda wa Johannesburg, umene makolo athu adaufupikitsa n'kumati ku Joni. M'zaka za m'ma 1890 boma la atsamunda lidakhazikitsa msonkho wa nyumba m'dziko muno, ndipo msonkhowo unkafuna ndalama, chinthu chimene munthu wa kumudzi adalibe. Kumapiri a Shire anthu ambiri okhala m'minda ya azungu ankagwira thangata m'malo mwa lendi, ndipo malipiro a m'dziko muno adali ochepa kwambiri poyerekeza ndi a kum'mwera kwa Zambezi. Motero anyamata adayamba kunyamuka, ena kupita ku minda ndi migodi ya ku Southern Rhodesia, kumene ankati ku Halale, ena kupitirira mpaka ku Joni.

Aulendowa adali a mitundu iwiri. Ena ankalembedwa ndi mabungwe olemba anthu ntchito, ndipo lotchuka kwambiri lidali Witwatersrand Native Labour Association, limene anthu ankalitchula kuti Wenela. Dzinali lidakalipo mpaka lero pamalo okwerera mabasi mu Blantyre, ngakhale ambiri okwera pamenepo sadziwa kumene lidachokera. Ena ankapita okha, wapansi, kudutsa m'nkhalango za ku Mozambique ndi kuoloka Zambezi pa bwato, ndipo ulendo wotere unkatchedwa wa selefu. M'chaka cha 1913 boma la South Africa lidaletsa kulemba anthu a kumaiko otentha ngati kuno, chifukwa ambiri ankafa ndi chibayo m'migodi, koma a selefu sadasiye kupita, ndipo m'zaka za m'ma 1930 chiletsocho chidachotsedwa.

Anthu awiri odziwika bwino m'mbiri adayenda njira yomweyi. Clements Kadalie wa ku Chifira m'boma la Nkhata Bay, wophunzira ku Livingstonia, adachoka m'dziko muno mu 1915, adafika ku Cape Town mu 1918 kumene kudali kale mkulu wake, ndipo mu 1919 adayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU, limene lidagwedeza South Africa yense. Iye adamwalira ku East London mu 1951. Winayo ndi Kamuzu Banda, amene adachoka ku Kasungu ali mnyamata cha m'ma 1915, ndipo adadzabwerera kudzakhazikika pa 6 July 1958, atatsika ndege pa Chileka. Padali patapita zaka zoposa 40, ndipo pamisonkhano yake ankalankhula Chingerezi, wina n'kumatanthauzira. Ngati ulendo udatha kuchita zimenezi kwa anthu ophunzira, odziwa kulemba kalata, nanga udachita zotani kwa mnyamata wosadziwa ngakhale kulemba dzina lake?

M'chaka cha 1935 boma la Nyasaland lidasankha komiti yofufuza za anthu opita kunja, ndipo lipoti lake, limene limadziwika ndi dzina la wapampando wake Travers Lacey, lidayerekeza kuti amuna pafupifupi 120,000 adali kunja kwa dziko. Lipotilo lidadandaula za midzi yotsala ndi amayi, ana ndi nkhalamba zokha, ndiponso za gulu lalikulu la amuna amene adapita osabwereranso. Amenewa ndiwo matchona. Mtchona adali munthu wamoyo amene kwawo ankamuwerengera pamodzi ndi akufa, koma popanda manda oti abale akalirepo. Zidzukulu za matchona zilipo zambiri ku Zimbabwe mpaka lero, m'matauni a migodi ndi m'mafamu, kumene zina zimavinabe gule wamkulu. Eni dziko kumeneko ankatcha anthu athu kuti Mabhurandaya, mawu ochokera ku dzina la Blantyre yemweyu.

Tsono apa ndi pamene nkhani ya chibale ikulowera. Pakati pa Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe, mtundu umatsata kuchikazi. Mwamuna akakwatira amakakhala chikamwini kwa mkazi wake, koma udindo wake waukulu umatsala kwa alongo ake ndi ana awo, amene ndiwo mbumba yake. Iye ndiye mwini mbumba. Ndiye amaimira mlongo wake pa milandu, ndiye amakhala nkhoswe ukwati ukavuta, ndiye amafunsidwa mwana wa mlongo wake akadwala, akafuna kukwatira kapena akamwalira. Mwamuna wa m'nyumba amatha kuchoka ukwati n'kutha, koma mlongo sachoka, ndipo n'chifukwa chake akuluakulu adati chibale ndi fupa, sichiola. Choncho mnyamata akanyamuka kupita ku Joni, mkazi wake ankatsala wopanda mwamuna, koma mlongo wake ankatsala wopanda womuimira pabwalo, ndipo ana a mlongoyo ankatsala opanda malume.

Chifukwa cha ichi, masiku otsiriza munthu asananyamuke sankangowaononga. Waulendo ankayenda khomo ndi khomo kutsazika, pakuti kuchoka mozemba chidali chipongwe kwa mudzi wonse. Ankakhala pansi ndi alongo ake ndi ang'ono ake n'kuwauza zonse: malire a munda, mbuzi zimene zili kwa uje, ngongole imene sadabweze, ndi munthu amene adzaimire mbumba iye kulibe. Alongo ankasinja ufa, kukazinga mtedza ndi chimanga, kupha nkhuku, kukonza kamba wa paulendo. M'mabanja ambiri akuluakulu ankathira nsembe ya ufa patsinde pa mtengo kupempha mizimu ya makolo kuti imuyang'anire mwana wawo m'njira, ndipo Chikhristu ndi Chisilamu zitakhazikika, pemphero la pabanja lidatenga malo omwewo. Malangizo sankasowa. Ankamuuza kuti ukapita kwa eni siya phazi, usasiye mlomo, ndiponso kuti kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Tsiku lonyamuka, abale ankamuperekeza mpaka pamtsinje kapena pamphambano, m'ng'ono wake atamusenzera katundu. Mtunda woperekezawo ndiwo unkapereka mpata wonena mawu amene sakadanenedwa pagulu.

Ine ndidaziona zimenezi ndi maso anga. Mu 1972 tinkakhala ku Chemusa m'kanyumba ka lendi, ine ndi achimwene anga, ndipo iwo atalembedwa ntchito ya ku migodi tidatsala ndi sabata imodzi. Padalibe phwando, pakuti ndalama ya phwando padalibe. Madzulo aliwonse tinkasewera bawo pakhonde mpaka mdima, ndipo pakati pa masewerawo ankandiuza zinthu zimene sadandiuzepo chibadwire: mmene bambo athu adapezera munda wa kudimba, chifukwa chimene amalume awiri sankalankhulana, ndi zimene ndidzachite mlongo wathu akadzabwera ndi dandaulo la m'banja. Loweruka lomaliza tidakwera phiri la Ndirande, tidakhala pamwala tikudya chinangwa chowotcha, ndipo iwo adandiloza mbali ya Chileka n'kunena kuti, "Mng'ono wanga, ukadzaona ndege ikutera uko, uzidzati mwina ndi ine." Ndidali ndi zaka zosakwana makumi awiri, koma sabata imeneyo ndiyo idandisandutsa munthu wamkulu.

Nthawi imeneyo ulendo wa ku Joni udali utasintha. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 Wenela idayamba kunyamula anthu pa ndege kukawatsitsa ku Francistown m'dziko la Botswana, kumene ankakwera sitima ya pamtunda mpaka ku Johannesburg. Ankapita pa mgwirizano wa chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo gawo la malipiro awo ankadzalandirira kuno kumudzi, njira imene inkathandiza kuti abwerere ndiponso inkabweretsera boma ndalama zakunja. Pofika mu 1973 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Obwerera ankafika ndi njinga, wailesi, makina osokera, mabulangete ndi masutikesi, ndipo nyumba zambiri za malata m'midzi mwathu zidamangidwa ndi ndalama za ku Joni. Ena ankabwera ndi chifuwa chosatha chochokera ku fumbi la pansi pa mgodi.

Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela yonyamula anthu obwerera kwawo idagwa itangonyamuka pa Francistown, ndipo anthu oposa 70 adafa, pafupifupi onse Amalawi. Adali atamaliza mgwirizano wawo, mphatso za abale zili m'masutikesi. Achimwene anga sadali m'ndegemo, koma ndikukumbukira masiku amene tidakhala osadziwa, tikufunsa aliyense wochokera m'tauni ngati wamva maina. Pulezidenti Banda adaimitsa nthawi yomweyo kulemba anthu ntchito za ku migodi, ndipo zikwizikwi za amuna zidabwerera kwawo, achimwene anga pamodzi nawo. Kulembako kudayambiranso mu 1977, bungwe lija litasintha dzina kukhala TEBA, limene anthu ankati Theba, koma chiwerengero sichidafikenso pakale. Mu 1988 zidatheratu, maiko awiriwa atasemphana pa nkhani yoyeza ogwira ntchito kachilombo ka HIV.

Theba idatha, koma ulendo sudathe. Ulamuliro wa tsankho utatha ku South Africa mu 1994, selefu idabweranso mwa mtundu wina. Achinyamata a ku Chemusa, Ndirande, Bangwe ndi Machinjiri amakwera basi kudzera pachipata cha Mwanza, kudutsa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, mpaka Beitbridge. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano amapita ndi atsikana omwe, kukagwira ntchito za m'nyumba, za m'masitolo ndi za m'minda ya maluwa, kotero kuti nthawi zina wotsala ndi mchimwene, wopita ndi mchemwali. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anamwino athu ambiri adapita ku Britain, ndipo mu November 2023 gulu la achinyamata lidanyamuka kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. Zoopsa nazo sizidathe. Mu May 2008 anthu oposa 60 adaphedwa ku South Africa pa ziwawa zodana ndi obwera, ndipo mu 2015 zidabukanso, boma lathu n'kutumiza mabasi kukatenga anthu ake.

Wina anganene kuti lero kuli lamya za m'manja, kuli WhatsApp, ndipo munthu wa ku Cape Town amaoneka nkhope pagalasi la foni ngati ali m'chipinda chomwecho. N'zoona, ndipo tiyenera kuthokoza, pakuti amayi athu ankadikira kalata miyezi isanu ndi umodzi n'kukapempha mphunzitsi kuti awawerengere. Koma ndaona kuti foni yachititsa ena kunyozera kutsazikana, poganiza kuti adzalankhulana mawa. Pafoni anthu amakambirana za ndalama yotumiza, za fizi ndi za feteleza. Za malire a munda, za mkangano wakale wa m'banja, za kupepesana pa zimene mudalakwirana muli ana, sizinenedwa pafoni ya mayunitsi owerengeka. Ndipo kutchona sikudathe. Alipo lero amene nambala yawo idasiya kupezeka, ndipo alipo amene amabwera m'bokosi, abale atasonkherana ndalama ya galimoto.

Mtsikana uja adamva. Lachinayi adatseka geni yake, adaphika nsima ya mgaiwa ndi nkhwani wotendera, ndipo iye ndi achimwene ake adakhala pakhonde kuyambira masana mpaka usiku. Zimene adakambirana sindidafunse, pakuti n'za pachibale. Loweruka m'mawa ndidawaona akutsika kupita kumsewu, mtsikanayo atasenza chikwama cha achimwene ake pamutu, monga momwe alongo ankachitira zaka zana zapitazo.

Inu awerengi amene muli ndi m'bale woti anyamuka posachedwa, kaya ndi wa ku Joni, ku Ulaya kapena kwina kulikonse, patulani tsiku. Idyani mbale imodzi, funsanani zimene simudafunsanepo, uzanani za mbumba ndi za munda, ndipo tsiku la ulendo mumuperekeze mpaka pamene basi inyamukire. Akuluakulu adati apao ndi mizu ya kachere, ikumana pansi, koma ndi bwino kuti abale akumane akadali pamtunda, maso ali kuonana.