Masamu a pamchenga ku Senga Bay

Amishoni a Dutch Reformed atafika ku Mvera mu 1889 n'kuyamba kutsegula sukulu za m'midzi, anthu a kunyanja kuno anali atazolowera kale kugawa. Ngakhale pa ubwana wanga, khoka likatuluka, aliyense wogwira chingwe ankalandira ndiwo. Mkulu mmodzi ankagwada pamchenga, n'kumaponya nsomba imodziimodzi pa mulu uliwonse, ife ana tili tcheru kuti dzanja lisalumphe mulu wa bambo athu.

Nkhani inkavuta pa chotsala. Chambo chimodzi, anthu atatu: adye ndani mutu, atenge ndani mchira? Nsomba siduka mofanana, ndipo mwana aliyense wa ku Senga Bay, Lifuwu kapena Chipoka ankadziwa kuti zidutswa zitatu sindiye kuti magawo atatu ofanana. Mfundo imeneyi ndi imene ana ambiri amaphonya m'kalasi lero, chonsecho ife tinaiphunzira tikukangana, mamba ali m'manja.

Khoka la chilimira linabweretsa kagawidwe kena. Usipa kapena utaka ukagulitsidwa, kawirikawiri amayamba achotsa za mafuta, kenako theka limapita kwa mwini zida, theka lina alovi agawane. Mlovi wosadziwa kulemba dzina lake amakuwerengera gawo lake pamtima, ndipo sungamubere.

Ndalama zakale nazo zinali mphunzitsi. Sheleni inali makobiri 12, paundi masheleni 20. Sikisi anali theka la sheleni, tiki anali kota. Amayi akandituma mchere ndi sheleni, ndinkadziwa kuti tiki zitatu zibwerere kunyumba, ndipo imeneyo ndi 3/4 ngakhale palibe anandiuza dzina lake. Ubwino wa 12 ndi woti amagawika kwa anthu awiri, atatu, anayi kapena asanu ndi mmodzi popanda chotsala. Kwacha itabwera mu 1971, ndi matambala ake 100, kuwerengera kunaphweka ndithu, koma ana anataya chida chimene chinkawaphunzitsa magawo tsiku lililonse ku golosale. Ine zimandiwawabe.

Mu 1994 boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana anasefukira. Ndinali nditayamba kale uphunzitsi, ndipo ndinaona mmene kalasi yodzaza imakankhira mphunzitsi ku njira yachidule: kujambula bwalo pa bolodi, kudetsa mbali imodzi, ana n'kumabwereza mokweza kuti nambala yapamwamba ndi iyi, yapansi ndi iyi. Amaloweza bwinobwino. Koma ukawafunsa chachikulu pakati pa 1/3 ndi 1/4, ambiri amaloza 1/4, poti 4 amaposa 3. Mwana yemweyo ukamufunsa ngati afuna kugawana mzimbe ndi anzake awiri kapena atatu, sazengereza.

N'chifukwa chake ndinkayamba ndi zigumu zitatu ndi ana anayi, mpeni ndili nawo ine. "Gawanani, pasakhale wodandaula." Ena ankapempha kuti ndidule chilichonse panayi, aliyense atole zidutswa zitatu. Ena ankati ndidule ziwiri pakati, chachitatu panayi, aliyense theka ndi kota. Pamenepo pankabuka mkangano woti wapeza zambiri ndani, mpaka wina asanjike zidutswazo n'kuona kuti n'chimodzimodzi. Akatero m'pamene ndinkatola choko n'kulemba 3 ÷ 4, pambali pake 3/4, ndi kuwafunsa kuti 3 ameneyu akuimira chiyani pa zimene angodya kumenezo.