Zomba: makhonsolo awiri, nanga dandaulo lipite kuti?

Madzi akasiya kutuluka pampopi ku Matawale, kapena zinyalala zikaunjikana pamsika wa Mpondabwino, ambiri amangoti "boma latitaya". Koma ku Zomba ntchitozi zili m'manja osiyana, ndipo wogogoda pakhomo lolakwika amangobwezedwa.

Zomba ili ndi makhonsolo awiri. Khonsolo ya mzinda imayang'anira madera ngati Chinamwali, Sadzi ndi Matawale, komwe kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 105,000. Mtsogoleri wake ndi meya, amene amasankhidwa ndi makhansala anzake. Kuchotsa zinyalala, kusamala misika ndi kuvomereza mapulani a nyumba ndi udindo wa khonsoloyi, ndipo ndalama zina imazipeza kuchokera ku msonkho wa nyumba ndi ziphaso za mumsika.

Kunja kwa malire a mzinda ndi kwa khonsolo ya boma, yomwe ntchito zake za tsiku ndi tsiku amayendetsa ndi bwanamkubwa, kapena kuti DC. Kumeneku ndiye kuli anthu ochuluka, oposa 740,000, kuyambira ku Chingale kuseri kwa phiri mpaka pachilumba cha Chisi m'nyanja ya Chilwa. Mafumu aakulu monga Chikowi, Malemia, Kuntumanji, Mwambo ndi Mlumbe amakhala nawo pamisonkhano ya khonsolo, koma saponya voti. Pempho la mjigo kapena mlatho limayenera kuyambira kukomiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, n'kudutsa ku ADC lisanafike kuboma. Njirayi ndi yaitali, ndipo ambiri amailambalala n'kuthamangira kwa phungu.

Maziko a zonsezi ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998, lomwe linadza ndi mfundo ya mphamvu ku anthu. Mphamvuzo zinachedwa kufika. Makhansala osankhidwa mu 2000 atamaliza nthawi yawo mu 2005, dziko linakhala zaka 9 popanda makhansala mpaka chisankho cha 2014. N'chifukwa chake mpaka lero anthu ena sasiyanitsa ntchito ya khansala ndi ya phungu.

Zodabwitsa n'zakuti zinthu zomwe moyo wa mzindawu umadalira kwambiri sizili pansi pa khonsolo iliyonse mwa ziwirizi. Madzi ochokera m'damu la Mulunguzi, pamwamba pa phiri, amagawidwa ndi Southern Region Water Board. Nkhalango yomwe imateteza madziwo ili m'manja mwa nthambi ya zankhalango, choncho mitengo ikamatha kuphiriko, meya angathe kudandaula koma alonda ake si a khonsolo. Nacho chipatala chachikulu cha Zomba Central chimayankha ku unduna wa zaumoyo ku Lilongwe, komwe likulu la dziko linasamukira mu 1975 kuchoka ku Zomba konkuno. Popeza bomali lilibe chipatala cha boma ngati cha Machinga kapena Chiradzulu, wodwala amene wamulephera pachipatala chaching'ono cha ku Jali kapena ku Thondwe amatumizidwa ku Central komweko.