Ma pellet a zotsala za m'munda: n'chiyani, amapangidwa bwanji?

Anzanga ambiri pa WhatsApp amasokoneza ma pellet ndi ma briquette, ndiye lero ndati ndilongosole.

Ma pellet ndi timibulu tolimba tophikira, tonenepa mamilimita 6 mpaka 8, ngati pensulo yoduladula. Amapangidwa kuchokera ku zotsala tikakolola: mapesi, zitsononkho, makoko a mtedza, mankhusu a mpunga, nthawi zina kuphatikizapo utuchi. Ma briquette ndi akuluakulu, ndipo opanga pamanja amawamata ndi phala la chinangwa.

Kapangidwe kake

Choyamba zotsalazo zimayanikidwa mpaka chinyezi chitsike kufika pa 10 mpaka 15 peresenti. Zikakhala zonyowa, timibuluto timangonyenyeka. Kenako amazigaya pa chigayo, n'kupanikiza ufawo m'makina okhala ndi chitsulo cha timabowo. Kupanikizako kumatenthetsa ufawo, ndipo utomoni wachilengedwe wa m'zomera, wotchedwa lignin, umafewa n'kumata zonse pamodzi. Akazizira amasefedwa n'kulongedwa m'matumba.

Mbaula yake

Apa m'pamene ambiri amakhumudwa. Mukawathira mu mbaula yamakala ija, mungotsamwa ndi utsi basi. Amafuna mbaula yapadera yotchedwa gasifier, yomwe nthawi zambiri imakhala ndi kafani koyendera batire kouzira mpweya. Mukatero moto wake umakhala waukali, utsi wochepa. N'chifukwa chake ku Zambia a SupaMoto amapereka mbaula ndi ma pellet limodzi.

Zikutikhudza bwanji?

Makala omwe timagula m'tauni muno akumaliza nkhalango ngati Dzalanyama, komwe kumachokera mtsinje wa Lilongwe, womwe anthu a mumzindawu amamwa. Komanso lamulo la nkhalango sililola kuotcha makala popanda chiphaso. Pomwe chilimwe chilichonse mapesi amangopsa m'minda, ena posaka mbewa, ena posambula. Ndi nkhunitu zimenezo.

Chenjezo kwa ofuna geniyi

Musakokolole mapesi onse m'munda, chifukwa nthaka imafuna ophimbira ndipo ng'ombe nazo zimadya omwewo. Yambani ndi makoko ndi mankhusu omwe amangounjikana pa malo oswera mtedza ndi pa zigayo za mpunga. Mankhusu a mpunga amasiya phulusa lambiri, ndiye asakanizeni ndi utuchi. Makinawa amafuna magetsi odalirika. Ndipo matumba musunge pouma, chifukwa ma pellet akanyowa amafufuma n'kubwerera kukhala ufa.